Chipatala sichiyenda pa wotchi ya Silicon Valley

Pa fomu yofunsira malo ku Y Combinator, bungwe la ku California lomwe limatola makampani ongoyamba kumene n'kuwakankha kuti akule msangamsanga, pali kafunso kamene kamandinyong'onya. Munthu afotokoze zimene kampani yake imachita m'zilembo zosapitirira 50. Zilembotu, osati mawu. Pamwamba pa apo ajambule kavidiyo ka mphindi imodzi, ndipo mwayi ukamugwera akayankhe mafunso kwa mphindi 10 zokha. Kwa mnyamata amene wapanga pulogalamu yoitanitsira chakudya pafoni, zilembo 50 zimuchulukira. Koma taganizani za dokotala wa ku Lagos, Nairobi kapena Blantyre amene wapanga chipangizo chozindikira chibayo mwa makanda. Iyeyu ayenera kunena kuti chipangizocho chayesedwa pa ana angati, wachivomereza ndani, adzachigula ndani, nanga magetsi akathima chimatani. Zonsezi zilowe m'kamzere kamodzi? Tonse tikudziwa kuti fomu yotere sinalembedwe poganizira iyeyo.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani ya kafunso chabe. Koma kafunsoko kakuulula maganizo a eni fomu. Kuchokera mu 2005 pamene Paul Graham ndi anzake anayambitsa Y Combinator, ndi mu 2006 pamene Techstars inabadwa ku Boulder, mabungwe awa, omwe amatchedwa ma accelerator, amayendera njira imodzi: miyezi itatu ya maphunziro ndi upangiri, kenaka tsiku loimirira pamaso pa anthu andalama. Kuyambira mu 2022 Y Combinator imapereka madola 500,000. Mwa amenewa, 125,000 ndi ogulira 7 peresenti ya kampani yako, otsalawo amadzasanduka masheya mtsogolo. Chimene amafuna pobweza ndi liwiro. Graham mwiniyo analemba mu 2012 kuti kampani yochita bwino imakula ndi 5 mpaka 7 peresenti pa sabata. Mukawerengetsa, 7 peresenti sabata ndi sabata ndiye kuti pakutha pa chaka kampaniyo yakula kuposa ka 30. Ndi chipatala chiti padziko lino chimene chingalandire chinthu chatsopano mwa liwiro limenelo, odwala osavulala?

Zaumoyo zili ndi wotchi yakeyake, ndipo si ulesi. Chipangizo chisanakhudze wodwala, komiti yoona za kafukufuku iyenera kuvomereza; kuno kwathu ndi NHSRC kapena COMREC. Umboni woti chimagwira ntchito umafuna miyezi, nthawi zina zaka, chifukwa mimba siifupika ndipo mankhwala a TB kawirikawiri satha miyezi isanu ndi umodzi isanakwane. Pakatero pabwera ovomereza mankhwala ndi zipangizo, FDA ku America, PMRA ku Malawi, dziko lililonse ndi khomo lake. Chomaliza, chomwe ndi chachikulu, ndi wolipira. Ku America kampani imagulitsa kwa a inshulansi, kwa olemba anthu ntchito kapena ku zipatala zikuluzikulu zokhala ndi ndalama. M'maiko ambiri a mu Africa wodwala amalipira m'thumba mwake momwe mulibe kanthu, apo ayi wolipira ndi unduna wa zaumoyo, womwe umagula kudzera m'ma tender ndi bajeti ya chaka ndi chaka, n'kudzalipira mochedwa. Munthu amene kasitomala wake ndi unduna sangajambule mzere wokwera sabata iliyonse pokhapokha aname, kapena asiye odwala enieniwo n'kuyamba kuthamangira anthu ochepa a m'tauni okhala ndi makhadi a kubanki.

Wochokera kunja kwa America ali ndi katundu winanso amene mnzake wa ku San Francisco sasenza. Y Combinator imafuna kuti kampani ikhale yolembetsedwa ku America, Canada, Singapore kapena Cayman Islands, choncho ambiri amakatsegula kampani ku Delaware ku America kuti ikhale kholo la ija ya kwawo. Nzeru zonse zimene anapanga zimasamukira m'dzina la kampani ya kunjayo, maloya a mbali ziwiri nawo n'kudyapo. Ndalama zikasungidwa kubanki ya ku America. Pamene Silicon Valley Bank inagwa mu Malichi 2023, eni makampani a mu Africa anali m'gulu la amene sanagone tulo. Oika ndalama amawerenga phindu m'madola pamene iwe ukugulitsa m'naira kapena m'kwacha, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogulitsa m'kwacha anaoneka ngati wabwerera m'mbuyo ngakhale makasitomala ake sanachepe. Za viza ndiye musanene. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kulamula Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza ya ulendo kapena ya bizinesi kuti azisiya chikole chofika mpaka madola 15,000. Walira mvula walira matope, koma matope awa sagwera onse mofanana.

Apa ndiye pamabwera dandaulo langa lakale. Timakonda kuombera m'manja ndalama zimene kampani yalandira ngati kuti ndi phindu limene yapanga, pamene kwenikweni ndi lonjezo limene yasaina. Kampani ya 54gene ya ku Nigeria inadutsa ku Y Combinator mu 2019 ndi cholinga chabwino chosonkhanitsa chidziwitso cha majini a anthu a mu Africa. Inalandira madola pafupifupi 45 miliyoni, nyuzipepala zinaimba nthungululu, koma pofika 2023 inali ikutseka. Zifukwa zinali zingapo, kuphatikizapo kutha kwa ndalama zoyezera Covid-19 ndi mikangano ya utsogoleri, komabe kafukufuku wa majini ndi ntchito ya zaka makumi, ndipo ndalama zothamanga sizidikira choncho. Babylon ya ku Britain siinadutse ku accelerator, koma inadwala matenda omwewo a kukula mothamanga. Itagwa mu 2023, nthambi yake ya ku Rwanda, Babyl, yomwe inali ndi anthu olembetsa oposa 2 miliyoni ndi mgwirizano wa zaka 10 ndi boma, inatseka nayo. Pulogalamu yoitanitsira chakudya ikafa anthu amaphika okha. Yoonanira ndi dokotala ikafa, odwala amatsala padzuwa.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Adzafunsa kuti ndani kuno angakupatse theka la miliyoni ya madola popanda chikole, pamene banki ikufuna nyumba ndi chiwongoladzanja choposa 25 peresenti. Adzatchula Helium Health ndi Reliance Health, onse a ku Nigeria, omwe anadutsa ku Y Combinator mu 2017 n'kukula mpaka kufika m'maiko ena. N'zoona. Koma taonani amene amawalipira: Helium imagulitsa pulogalamu yosungira mbiri ya odwala ku zipatala, Reliance imagulitsa inshulansi ya zaumoyo makamaka ku makampani olemba anthu ntchito. Onse awiri ali ndi kasitomala wokhala ndi cheke m'manja, ndipo sadikira zaka kuti atsimikize kuti chinthu chawo chimachiza. Zitsanzozi zikungosonyeza mtundu wa kampani imene mvula iyi imaikomera.

Ena adzati njira ya mabungwe othandiza nayo ili ndi matope ake, ndipo amene anaona ntchito zikuima mu Januwale 2025 America itaimitsa thandizo la USAID sangakane. Komabe Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, chinatenga zaka zingapo kuti chifike dziko lonse, kenaka n'kuperekedwa m'manja mwa unduna wa zaumoyo. Pa tsiku loimirira pamaso pa andalama ku California chikanalephera mayeso onse, chifukwa woimba foni salipira kanthu. Koma amayi oyembekezera a kumudzi analandira uphungu.

Choncho inu amene mwatsegula fomuyo usiku uno, lembani ngati muli kale ndi chipatala kapena kampani imene ikukulipirani mwezi ndi mwezi, ndipo loya wanu awerenge kaye pepala lililonse musanasaine. Ngati wolipira wanu ndi unduna kapena umboni wanu ukadali m'kafukufuku, tsekani kompyutayo, mukamalize kafukufukuyo. Ma accelerator amalandira mafomu kangapo pa chaka, ndipo chaka chamawa adzakhalapobe.