Ulimbo wa Dotolo: Kodi Singano Idzapuma?

Aliyense amene adakulira m'tsinde mwa mapiri a Kachebere amaudziwa ulimbo. Amadziwanso kuti utomoni wongokha kumene mumtengo sugwira mbalame kufikira utaphikidwa ndi kulimba bwino. Nzeru yomweyi, awerengi athu, ndiyo akuitsata akatswiri a zamankhwala pofuna guluu womatira mabala. Nkhani yathu ya lero ikuona mmene ntchitoyi yafikira, ndi chimene ikutanthauza kwa ife.

Kusoka bala kumalira singano, ulusi, mankhwala ochititsa dzanzi ndiponso dzanja lozolowera. Mlimi wodzitema ndi chikwanje, kapena mnyamata wa kabaza wogwa pamsewu wochokera ku Mchinji kunka kuchipata cha Mwami, amayenda kawiri: kukasokedwa ndi kukachotsa ulusi. Mkati mwa thupi vuto n'lokulirapo. Chiwindi n'chofewa ndipo chimang'ambika msanga, pamene boowo la singano paphapo limatulutsa mpweya.

Maganizo omata mnofu si atsopano. M'chaka cha 1940, John Young ndi Peter Medawar a ku Britain adalumikiza mitsempha yoduka ya nyama pogwiritsa ntchito madzi a m'magazi amene amaundana. Apa ndipo padachokera guluu wa fibrin, amene dziko la America lidamuvomereza mu 1998. Thupi limamulandira bwino, koma ndi wofooka, ndipo magazi opangira guluuyo ayenera kupimidwa mosamala kuopa matenda.

Tsono akatswiri adatembenukira ku zinthu zina zachilengedwe: gelatin wa m'zikopa ndi mafupa, cellulose wa mu thonje ndi mitengo, chitosan wa m'zigoba za nkhanu, ndi alginate wa mu ndere za m'nyanja yamchere. Zonsezi tingaziyerekeze ndi mikanda yambirimbiri yotungidwa paulusi wautali. Pazokha sizimata pamalo onyowa. Zimafufuma kapena kusungunuka, monga phala la chinangwa lomatira mapepala likavumbwa ndi mvula. Chimene katswiri amachita ndicho kusintha ina mwa mikanda ija ndi mankhwala kuti ikhale ngati timbedza. Timbedzato timakola mnofu, timakolananso tokhatokha, ndipo bala limatsekeka. Likapola, thupi limasungunula guluuyo pang'onopang'ono.

Zipatso za ntchitoyi zilipo kale. Kansalu kotchedwa Surgicel, ka cellulose wosinthidwa, kakhala kakuletsa magazi m'zipinda za opaleshoni kuyambira mu 1960. BioGlue, wopangidwa ndi mapuloteni a m'magazi a ng'ombe, amathandiza posoka mitsempha ikuluikulu ya pamtima. Mu 2019, akatswiri a sukulu ya MIT ku America adaonetsa tepi yokhala ndi gelatin kapena chitosan imene idamata ziwalo zonyowa za nyama m'masekondi 5 okha.

Komabe walira mvula walira matope. Mankhwala ena olimbitsa guluu, monga formaldehyde, amaononga mnofu akachuluka. Mpikisano wa akatswiri lero uli pamenepa: kupeza guluu wamphamvu koma wosapsereza, wofewa koma wosamatuka. Vuto lina ndi mtengo. Mitundu yambiri ya guluuyu ndi yodula, ina imasowa firiji, ndipo timaigula ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mankhwala oitanitsa kunja adakwera nayo mtengo. Choncho tisadzinamize: singano ndi ulusi zikhala nafe zaka zambiri ndithu.

Pano tichenjeze anzathu amene amathira pabala guluu wa m'golosale uja womatira nsapato ndi zidebe. Ameneyu sadapangidwire thupi la munthu. Amatentha mnofu, ndipo amatsekera dothi ndi tizilombo mkati. Angakhale guluu wa kuchipatala saikidwa pabala lakuya, lakuda kapena lolumidwa ndi galu. Bala litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, lipsinjidwe ndi nsalu yaukhondo kuti magazi aleke, ndipo wovulalayo apite kuchipatala kukaonedwa ndi kufunsa za katemera wa kafumbata. Paja safunsa adadya phula.

Phunziro lalikulu lili kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, ndi kwa aphunzitsi anu. Thonje timalima ku Salima, Balaka ndi Chikwawa. Zikopa ndi mafupa timataya paliponse pophera ng'ombe. Zipangizo tili nazo, chimene chikuperewera ndi nzeru yozisinthira. Sukulu za ukachenjede monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo zikudikira ophunzira okhoza sayansi. Mphunzitsi wa ku Kachebere angathe kuyamba ndi ulimbo ndi phala la chinangwa, n'kufunsa ana ake chifukwa chimene china chimamata pouma pokha. Seminale ya Kachebere, imene idatsegulidwa mu 1939, idaonetsa kale kuti maphunziro akuya angathe kumera kumalire a dziko, kutali ndi mizinda. Mwana amene akutchera mbalame kuseri kwa mpanda wa seminaleyo mwina ndiye adzatiphikire ulimbo wa dotolo, akapeza womuphunzitsa.