Mlandu wa Ng'oma ndi Limba

Pali mau amene amveka kawiri-kawiri m'mabwalo a akuru a Mpingo kuno ku Kasungu, kuyambira ku Santhe kufikira ku Nkhamenya, ndiwo akuti mitundu ya nyimbo iripo iwiri yokha: za Mulungu, ndizo zoimbidwa ndi limba kapena ndi pakamwa pokha, ndi za dziko, ndizo zonse zokhala ndi ng'oma kapena gitala. Ndi muyeso umenewu makwaya a anyamata ndi asungwana aletsedwa kuimba, ena adzudzulidwa pamaso pa msonkhano, ndipo ena acoka osabweranso. Ine nditi muyeso umenewu uli wonyenga, ndipo iye woweruza nao aweruza mlandu umene sanaumve.

Ambiri a ife ndife alimi a fodya, kapena ana a alimi. Kodi alipo mmodzi amene alowa m'cigafa nati, Fodya ndi fodya basi, namanga masamba a pansi pamodzi ndi a kunsonga m'belo limodzi? Wotereyo adzalira pofika ku msika wa Chinkhoma. Mlimi wanzeru ayang'ana tsamba liri lonse, utali wace ndi maonekedwe ace. Nanga nyimbo, zimene zilowa m'mitima ya ana athu, tizisankhiranji ndi maso otsinzina?

Mtundu wa nyimbo uzindikirika ndi zinthu zinai. Coyamba ndico mayendedwe ace, ndiko kugunda kumene phazi litsata. Caciwiri ndico zoimbira, ndi cimene citsogolera pakati pa izo. Cacitatu ndico makonzedwe a oimba, kapena mmodzi aponya nyimbo ena nabvomera, kapena onse ayendera pamodzi. Cacinai, coposa zonse, ndico mau ace ndi nchito imene nyimboyo igwira pamalo pamene iimbidwa.

Tiyambe ndi za kwathu. Cimtali ndi gule wa akazi; abvina mozungulira, ng'oma ziri pakati, ndipo mau ace alangiza, nadzudzula waulesi ndi woledzera. Mganda ndi wa amuna. Aima m'mizere, abvala zofanana, naomba mabadza, pakuti unatengera perete wa asilikari a King's African Rifles, nufalikira itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay mbale wace ndi malipenga, ndi kwa Ayao ndi beni. Cisamba ndi ca ku cinamwali. Vimbuza, kwa abale athu Atumbuka, ndi ng'oma za odwala mizimu. Ndipo za Gule Wamkuru ndizo za kudambwe ndi za pamaliro. Zonsezi ziri ndi ng'oma, koma kamwana kazisiyanitsa usiku kali m'nyumba. Kodi mkuru wa Mpingo alephere cimene mwana akhoza?

Tsono tione zocokera kunja, zimene zisokosa m'zokuzira mau pa Chamama ndi pa Mtunthama nyengo yogulitsa fodya. Kwela inabuka m'makomboni a Johannesburg m'zaka za 1950. Citsogolera ndi citoliro ca citsulo, ndipo kuno kwathu Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaiimba ndi gitala ndi babatoni wa cingwe cimodzi. Rumba ndi ya ku Congo, kumene oimba anamva mbale za galamafoni za ku Cuba nazisanduliza zao. Franco ndi anzace anayamba gulu la OK Jazz m'caka ca 1956. Cizindikiro cace ndi ici: iyamba mofatsa ndi mau okoma, pambuyo pace magitala afulumira nalukana, ndiyo nthawi yobvina imene eni ace ati sebene. Reggae inabadwa ku Jamaica kumapeto a zaka za 1960. Gitala wace adula mwacidule pakati pa kugunda ndi kugunda, besi ndiye asenza nyimbo yonse, ndipo mau ace kawiri-kawiri ali kulira kwa osauka. Country ndi ya alimi a kumwera kwa America, munthu mmodzi nasimba nkhani pa gitala. Hip hop inayamba ku New York m'zaka za 1970, ndimo munthu alankhula mofulumira pamwamba pa kugunda, monga wolakatula. Amapiano anadza citapita caka ca 2010 kucokera ku South Africa. Apangidwa ndi makina, mau ali owerengeka, ndi kugunda kwakuya kulamulira zonse.

Nanga nyimbo za uthenga wabwino, zimene ana athu ati gospel, mayendedwe ace ndi otani? Ziribe mayendedwe a zokha, abale. Ziripo zoyenda monga rumba, zina monga reggae, zina monga country. Cizilekanitsa ndi mau ndi nchito. Jim Reeves, amene anamwalira m'caka ca 1964, ndipo akuru ambiri amkonda kufikira lero, anaimba za cikondi ndi za Mulungu ndi liu lomwelo ndi gitala yemweyo. Alleluya Band inayamba pa mishoni ya Akatolika ku Balaka m'caka ca 1978, ndipo m'menemo munaturuka Paul Banda ndi mng'ono wace Lucius, amene anazoloweretsa dziko lino reggae ya m'Cicewa. Koma iriponso reggae yodzala ndi maina a m'Buku Lopatulika, Ziyoni ndi Babulo, imene iphunzitsa kuti Haile Selassie wa ku Ethiopia ndiye Mulungu. Woweruza ndi coimbira sadzazindikira kusiyana kumeneku. Womvetsera mau ndiye adzakuzindikira.

Ndipo limba limene muliyesa loyera, linayera liti? Mpingo wa Free Church ku Scotland, umene unatuma amishoni a Livingstonia m'caka ca 1875, sunalole zoimbira m'mapemphero kufikira 1883. Pamene Moody ndi Sankey anafika ku Scotland m'caka ca 1873, Sankey ali ndi kalimba kace, ena anakhumudwa nayesa nyimbo zace zopepuka ndi za dziko. Koma lero zambiri za izo tiziimba m'buku la Nyimbo za Mulungu, misozi iri m'maso. Ndiponso kumpoto kwathu kuno, pa Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Akristu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a Cingoni, ndipo zina ziri m'buku la Sumu za Ukhristu. Makolo athu m'cikhulupiriro sanaope cimene ife tiopa. Cozizwitsa ndi ici: mkuru yemweyo amene aturutsa ng'oma ya cikopa alandira kiyibodi, osadziwa kuti m'mimba mwace muli ng'oma za rumba, ndi kuti mnyamata woiimba wazitsegula kale.

Malembo anenanji? M'buku limodzi la Eksodo muli magule awiri. Pa mutu 15 Miriamu atsogolera akazi ndi malingaka, kuyamika Yehova amene anawaolotsa nyanja; pa mutu 32 anthu omwewo abvinira mwana wa ng'ombe wagolidi, ndipo Mose apsa mtima. Salmo 150 liitana lipenga, zeze, lingaka ndi nsanje. Koma Amosi, pa mutu 5, anena kuti Mulungu akana nyimbo ndi zisakasa za anthu opondereza aumphawi. Mwini munda amene aimba bwino pa Sabata, koma abisira matenanti ace mtengo umene fodya anagulidwa nao, limba silidzampulumutsa.

Anyamata asayese kuti ndiwamasula ku zonse. Cizindikiro cacinai ciwagwira iwonso. Ng'oma ya kudambwe iri nayo nchito yace, ndipo aliyense woimva akumbukira nchitoyo. Kuikapo dzina la Yesu sikuisanduliza. Momwemonso kwaya imene ifika pa sebene nisiya mau, nibvina monga abvinira m'nyumba za mowa, yaiwala cimene inadzera. Ndipo zokuzira mau zikaphimba mau, kotero kuti agogo okhala kumbuyo sakhoza kubvomera, msonkhano wasanduka oonerera. Paulo anauza Akorinto kuti kuimba kukhale ndi mzimu ndi cidziwitso comwe.

Cifukwa cace ndipempha akuru a mipingo yathu cinthu cimodzi. Musanaletse nyimbo, itanani oimba tsiku la pakati pa sabata, alembe mau ace pa pepala, ndipo muwawerenge pamodzi. Funsani kuti, Kodi mauwa ali oona? Kodi amveka? Kodi mayendedwe awa akumbutsa anthu a mudzi uno ciani? Kodi msonkhano wonse ukhoza kubvomera? Ikapyola mafunso awa, iimbidwe, ngakhale iri ndi ng'oma. Ikalephera, ikanidwe, ngakhale iri ndi limba. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tidekhe, abale, pakuti mwana amene timcotsa m'kwaya popanda kumumvera sadzaleka kuimba. Adzangopita kukaimba kumene ife sitifikako.