Ndime yoyamba ya chimangirizo iyankhe funso

Mayeso a MSCE akamayandikira, ana a Fomu 4 amayamba kusakasaka "chiyambi chabwino" choti aloweze pamtima. Ena amachikopera m'timabuku togulitsidwa m'mbali mwa msewu ku Limbe, ena amatumizirana pa WhatsApp, ena amachitenga kwa achimwene awo amene adalemba mayeso kalekale. Akachipeza amachisunga ngati chithumwa, kuti funso lililonse likabwera angochimatika pamwamba pa pepala. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikuwaluzitsa ana athu malikisi, ndipo chiyenera kutha.

Tiyerekeze kuti mutu ndi wakuti "Kuipa kodula mitengo mwachisawawa". Mwa makope amene ndimachonga, ambiri amayamba chonchi: "Mtengo ndi chomera chimene chili ndi mizu, thunthu ndi masamba. Padziko lapansi pali mitengo yamitundumitundu. Kuyambira makedzana anthu akhala akudula mitengo. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga."

Muli bodza m'menemu? Ayi. Koma ziganizo zinayi zatha, kuipa kuja sikunatchulidwe ndi kamodzi komwe. Wochonga amadziwa kale kuti mtengo n'chiyani. Nanga denga lalowa bwanji pa nkhani ya mitengo? Mwambiwo ndi wabwino, koma waitanidwa ku ukwati wa eni.

Tsopano onani mwana wina pa mutu womwewo: "M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo, matope ndi miyala zidatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Phiri lopanda mitengo silingagwire dothi. Kudula mitengo mwachisawawa kumaphetsa anthu, kumaumitsa mitsinje ndiponso kumagugitsa nthaka."

Ziganizo zitatu zokha, mawu ake wamba. Komatu mwanayu wachita ntchito zitatu zimene ndime yoyamba iyenera kuchita. Waonetsa kuti funso walimva. Wanena maganizo ake mosazungulira. Watiuzanso kumene tikupita: ndime yachiwiri ikamba za imfa, yachitatu za mitsinje, yachinayi za nthaka. Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande safotokoza mbiri ya galimoto, amangokuwa kuti "Ndirande!" ndipo wopita kumeneko amakwera. Ndime yoyamba izinena kopita chimodzimodzi.

Pa chimangirizo cha mtsutso m'pamene vutoli limakula. Funso likati "Njinga zamoto za kabaza ziletsedwe m'kati mwa mzinda. Vomerezani kapena tsutsani", mwana amalemba kuti nkhaniyi ili ndi ubwino ndi kuipa kwake, ena amati zakuti, ena amati zakuti. Mwanawe, funso silinafunse ena, lafunsa iwe. Sankha mbali m'ndime yoyamba. Nena kuti zisaletsedwe chifukwa zimafika m'tinjira ta ku Bangwe ndi ku Mbayani m'mene minibasi sizilowa, ndipo zimadyetsa mabanja a achinyamata osowa ntchito. Kapena nena kuti ziletsedwe chifukwa cha ngozi za pa msewu wa Masauko Chipembere. Wochonga sakupatsa malikisi chifukwa chogwirizana naye maganizo, koma chifukwa choima pamodzi n'kupateteza.

Anzanga ena m'chipinda cha aphunzitsi amanditsutsa. Amati ife Amalawi sitilowa m'nkhani ngati mbuzi m'munda. Timayamba ndi moni, timafunsa za kumudzi, kenako nkhani. N'zoona, ndipo ulemu umenewu ndimaukonda. Koma ngakhale pa chinkhoswe, malonje akatha, nkhoswe imanena poyera chimene yabwerera. Chikhalirecho chimangirizo cha pamayeso chili ndi malire a mawu ndi nthawi. Mwana amene wataya mawu makumi asanu ndi limodzi pa moni amadzawasowa pa mfundo yake yomaliza, belu likulira.

Ena amati chiyambi choloweza chimathandiza mwana wamantha kuti cholembera chiyambe kuyenda. Mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa mantha a m'chipinda cha mayeso tonse timawadziwa. Koma mankhwala a mantha ndi kukonzekera mfundo. Mwana atenge mphindi zisanu, alembe mfundo zake zitatu kapena zinayi pambali, kenako ndime yoyamba ingozitchula mwachidule. Chimene chimavuta poyamba kulemba n'chakuti mwana sanadziwebe chimene akufuna kunena. Akachidziwa, chiganizo choyamba chimabwera chokha.

Sindikuletsa miyambi. Mwambi wogwa pamalo pake umakometsa Chichewa kuposa mawu ena alionse. Pa mutu wa mavuto obwera ndi chitukuko cha m'tauni, "walira mvula walira matope" ukhoza kutsegula bwino, bola chiganizo chotsatira chinene kuti mvulayo ndi chiyani, matopewo ndi ati. Muyeso wake ndi wapafupi: chiyambi chimene chingakwane pa mutu uliwonse sichikwana pa mutu ngakhale umodzi.

Wina angati, kandime kamodzi kokha n'kochitira phokoso? Kumbukirani kuti ochonga a MANEB amawerenga milumilu ya mapepala, ndipo akaona chiyambi chomwe chija kakhumi amadziwiratu kuti n'choloweza. Kumbukiraninso kuti luso limeneli ndi lomwelo pa Chichewa ndi pa Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu. Polowa ku yunivesite za boma, monga MUBAS ya ku Chichiri imene kale inkatchedwa Polytechnic, amawerengera mapointi. Kutsika ndi giredi imodzi yokha kukhoza kumusiya mwana panja. Akamaliza sukulu, kalata yofunsira ntchito nayonso imafuna kuti anene m'mizere yoyamba ntchito imene akufuna.

Kwa aphunzitsi anzanga, nayi njira imene imatheka ngakhale m'kalasi yodzaza. Lembani mitu isanu pa bolodi. Mwana aliyense asankhe umodzi mwachinsinsi, alembe ndime yoyamba yokha, ziganizo zosapitirira zinayi, osalemba mutu pamwamba. Akatha asinthane makope. Mnzake anene kuti mutu unali uti, wolembayo ali mbali iti, ndipo ndime yotsatira ikamba za chiyani. Akalephera kuyankha, ndimeyo ilembedwenso. Zimatenga mphindi khumi ndi zisanu, ndipo simusenza makope kupita nawo kunyumba.

Nanunso makolo, mwana akakuonetsani chimangirizo chake, phimbani mutu ndi dzanja, muwerenge ndime yoyamba yokha. Ngati simunadziwe chimene akukamba, mubwezereni kope akayambenso.