Tisataye mbiri ya Chipasula

Ndinabadwira ndi kukulira ku Chipasula, pafupi ndi Area 23 mumzinda wa Lilongwe. Tsiku lina aphunzitsi atatiuza kuti tilembe mbiri ya kwathu, tonse tinalemba za midzi ya makolo athu ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analemba za Chipasula, chonsecho ambirife mchombo wathu unagwera konkuno.

Ine ndikuona kuti tinalakwitsa. Nayenso Lilongwe anali katawuni kakang'ono kozunguliridwa ndi minda, boma lomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1904 m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, anthu anakhamukira kuno, ndipo pa kalembera wa 2018 analipo pafupifupi 990,000. Khwimbi limeneli silinakakhale ku Capital Hill ayi. Linadzaza madera ngati Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona ndi Chipasula. Choncho mbiri ya mzindawu njosakwanira popanda maderawa.

Agogo ena oyandikana nafe ankatilozera pomwe ankalima chimanga, pamene lero pali nyumba zothithikana. Anamwalira chaka chatha tisanalembe kanthu, ndipo zonse anapita nazo.

Anzanga ophunzira ziyankhulo, mafoni ojambulira mawu tili nawo. Tiyeni tikacheze ndi akuluakulu otsalawa, tifunse magwero a mayina a malo athu, tilembe m'Chichewa. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma sangagonere popanda wowasunga.