Mpando Wogwirizira Usatibalirenso Nkhondo

Ambiri tikamadutsa pa Mtakataka pochokera ku Salima sitidziwa kuti ufumu wa Kachindamoto unabadwa pa mkangano wa pachibale. Angoni a Maseko anali akatswiri pa nkhondo, koma chinawagawa si mdani ayi. Mputa ataphedwa ku Songea, mwana wake Chikusi anali wamng'ono, choncho Chidyaonga, m'bale wa Mputa, anagwirizira mpando n'kutsogolera mtunduwo mpaka ku Domwe. Iye atamwalira, mpando unabwerera kwa Chikusi. Koma Chifisi, mwana wa Chidyaonga, anakula akuona bambo ake akulandira ulemu wa inkosi. Ndani akanamuuza kuti ulemuwo unali wobwereka? Nkhondo yawo anaitengera Gomani ndi Kachindamoto, mpaka a Kachindamoto anatsikira kunyanja kuno.

Ife tikuti vutoli silinathe, langosintha zida. Lero m'malo mwa mikondo pali maloya. Mfumu ikagona, mlandu umakhala ku khoti zaka, ndipo pomwepo milandu ya minda imasowa woweruza.

Kuno ku Salima n'kovutirapo. Achewa ndi Ayao amalonga mwana wa mlongo wa mfumu, pomwe Angoni amatsata kwa bambo. Mitunduyi yakwatirana kalekale, ndiye aliyense wofuna mpando amangosankha mwambo womukomera. Ena mwa iwo, kunena zoona, akufuna mswahara ndi mphamvu yogawa malo a m'mphepete mwa nyanja, amene masiku ano ndi ndalama zambiri.

Komatu njira yabwino taionapo. Gomani IV atamwalira mu 2009, Rosemary Malinki anagwirizira mpando, ndipo mu 2012 anaupereka kwa Gomani V. Mu 2003 a kwa Kachindamoto anaitana Theresa, chitsirizira mwa ana 12, yemwe anali mlembi pa koleji ina ku Zomba. Sanafunse kuti wamkulu ndani, anafunsa kuti angathe ndani. Mayiyu anathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo mafumu ake ena amene ankalekerera mchitidwewu anawaimitsa.

Ambirife tili ndi malume kapena agogo a m'banja lachifumu, ndipo ophunzira ndife amene amatipatsa cholembera pa zokambirana. Tipemphe kuti mbumba ikhale pansi mfumu idakali moyo, igwirizane za wolowa m'malo pamaso pa mboni. Ngati pafunika wogwirizira, zilembedwe kuti akugwirizira ndani ndiponso adzatula liti, ana ake ali pomwepo akumva. Kalatayo ina ikasungidwe kwa DC.