ZA UMOYO WATHU: MADZI AMABA KUTENTHA KWA THUPI

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, ife a kuno ku Chipata timakumbukira mabulangete ndi kuotha moto, koma sitiganizirako za abale athu amene nchito yao imawalowetsa m'madzi. Alipo amene amamira m'madamu kukaonjola ukonde wokodwa ku citsa, ena amatsikira m'citsime kukacotsa matope, ndipo anyamata oweta ng'ombe sasiya kusambira ngakhale kuzizire cotani. Nkhani ya mlungu uno ndi yao.

Thupi la munthu wabwino-bwino limatentha madigiri 37, ndipo likatsika kupyola 35 munthuyo ali pangozi. Madzi amacotsa kutentha m'thupi mofulumira kokwana pafupi-fupi ka 25 kuposa mpweya. Cifukwa cace madzi amene amamveka ofunda powakhudza ndi dzanja angathe kumufoola munthu akakhalitsamo.

Zimenezi amazidziwa bwino anansi athu a ku nyanja ya Malawi. Ku Senga Bay, m'boma la Salima, kuli akatswiri amene amamira pansi pa madzi kukagwira mbuna zamoyo zotumiza ku maiko akunja. Madzi a nyanjayo amakhala pa madigiri 23 kapena 24 m'nyengo ya mwera, ndipo amafika 28 m'nyengo yotentha, komabe omira nthawi yaitali amabvala covala ca mphira cimene pa Cingelezi cimachedwa wetsuit. Covalaci anacipanga Hugh Bradner wa ku America m'caka ca 1952. Mphira wace ali ndi timathovu tambiri-mbiri ta mpweya timene timasunga kutentha, monga momwe udzu umacitira pa denga.

Posankha covalaci amayang'ana kukhuthala kwace. Ca mamilimita 3 cimakwanira madzi a madigiri 24 ndi kupitirira, ca mamilimita 5 ndi ca madzi a pakati pa 18 ndi 24, ndipo madzi ozizira kuposa pamenepo amafuna ca mamilimita 7 pamodzi ndi cobvala kumutu. Ciyenera kugwira thupi bwino, pakuti cikakhala cacikulu madzi ozizira amangolowa ndi kuturuka. Ndiponso munthu akamira mamita 10, kulemera kwa madzi kumafinya timathovu tija, covalaco nkupyapyala. Cotero womira kozama amasankha cokhuthala.

Tsono ngati akatswiri a kunyanja amadziteteza motere, nanga ife? Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene nyanjayo siifika mamita 500, ndipo madamu athu, monga a pa mtsinje wa Lutembwe, ndi ang'ono ndipo amazizira msanga. Ambiri a ife covala ca mphira tiribe, koma nzeru yace tingathe kuitsata.

Musalowe m'madzi m'mamawa. Dikirani dzuwa likwere. Musalowe muli nokha, ndipo wotsikira m'citsime amangidwe cingwe m'ciuno, anzace atagwira pamwamba. Mukayamba kunjenjemera, kapena zala zikakanika kumanga mfundo, turukani pomwepo ngakhale nchito isanathe. Ukonde umagulidwa, moyo saugula.

Mnzanu akaturuka m'madzi ali kulankhula zosamveka, ali dzandi-dzandi ngati woledzera, kapena wasiya kunjenjemera koma thupi lace liri zii, dziwani kuti zinthu zaipa. Mubvuleni zonyowa, mpukuteni, mfunditseni bulangete mpaka kumutu. Ngati ali maso ndipo angathe kumeza, mpatseni tiyi wofunda wa shuga. Musampatse kacasu, pakuti mowa umanyenga: munthu amamva kufunda pamene kutentha kuli kuthawa m'thupi. Musamtikite manja ndi miyendo, musamkhazike pafupi kwambiri ndi moto, koma thamangani naye ku cipatala ca pafupi.

Mafumu ndi makolo, nkhaniyi ifike kwa anyamata a kubusa, pakuti akulu anati tsoka silinunkha. Tsalani bwino mpaka mlungu wa mawa.