Fyuzi ikapsa kawiri, vuto si fyuzi

Mvula ikayamba mudziwa mmene Kanyama imakhalira, madzi ponseponse. Manje onani uja mdala wa Hilux yakale amene amanyamula matimati ku Soweto. Malaiti akazima, achotsa fyuzi yofiira ya 10 n'kuikamo yobiriwira ya 30, kapena kasiliva ka mu paketi ya fodya. Akuti bola motoka iyenda.

Imwe, fyuzi imapsa kuti mawaya asapse. Ikapsa kawiri, pali waya wosupuka amene agunda bodi, kambiri kumalaiti a kumbuyo kumene madzi amalowa. Sakilani pamenepo, mangani na tepu, bwezani ya 10. Fyuzi ni ndalama zing'ono chabe. Koma moto ukabuka pansi pa dashboard, motoka yapita, pamodzi na katundu wa azimayi a pamsika.